Gitala Imene Inakhala Chete Zaka Zambiri

 Ambiri mwa inu mwakhala mukutifunsa za gitala yamagetsi imene achinyamata a mpingo wathu ayamba kuimbira m'mapemphero. Ena akufuna kudziwa kumene tinaigula, poona kuti maonekedwe ake ndi achilendo. Ena akudabwa kuti akulu a mpingo anavomera bwanji kuti chipangizo chotere chilowe m'nyumba ya Mulungu. Palinso ena amene m'mipingo yawo muli zoimbira zowonongeka zongodzaza malo m'chipinda chosungira katundu, ndipo akufunsa ngati n'kotheka kuzikonza. Tayesa kuti n'kwabwino kuyankha onse pamodzi kudzera m'tsamba lino. Gitalayo sitinachite kugula ayi. Inaperekedwa ku mpingo ili yakufa, ndipo panapita miyezi inayi tikulimbana nayo isanatulutse mawu omveka. M'miyezi imeneyo tinaphunzira zambiri za matabwa, mawaya ndi maginito, komanso za ntchito imene Ambuye anatiitanira.

Mwini wake anali bambo wina wa kuno ku Angónia, amene tsopano anatsogola. Monga anachitira amuna ambiri a m'chigawo cha Tete m'masiku a ulamuliro wa Apwitikizi, iye anapita kukafuna ntchito ku Rhodesia, nakhala zaka zingapo mumzinda wa Salisbury, umene kuyambira mu 1982 umatchedwa Harare. M'kati mwa sabata ankaphika m'nyumba ya mzungu, koma Loweruka usiku ankaimba m'malo omwera mowa pamodzi ndi anzake. Ndalama za kuimbako ndizo anagulira gitala imeneyi. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, anabwerera kumudzi ndi gitala yake, koma ampulifaya anaigulitsa kuti apeze ndalama ya ulendo. Kumudziko kunalibe magetsi. Patapita nthawi anatembenuka mtima, nalowa kalasi, nabatizidwa, ndipo gitala ija anaikulunga m'chiguduli naipachika kudenga. Nkhondo itakula mu 1986, banja lonse linathawira ku Malawi, m'boma la Dedza. Anasiya mbuzi, mipando ndi nkhokwe ya chimanga, koma gitala anaibereka kumsana. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anabwera nayonso kumudzi, naipachikanso kudenga la nyumba yatsopano, kumene inakhala ikumwa utsi mpaka tsiku la imfa yake.

Amene anabwera nayo kwa ife ndi mayi wamasiye, agogo okalamba ndithu oyendera ndodo. Anaiyala pakhonde nati, "Abusa, bambo a kunyumba ankati chinthu ichi chinasangalatsa oledzera zaka zambiri, koma sichinaimbirepo Mulungu ngakhale tsiku limodzi. Ine ndakula. Ndikufuna ndichimve chikuimba m'tchalitchi maso anga asanatseke." Titamasula chigudulicho mtima unatsika. Nsambo zinatsala ziwiri zokha, nazonso zodyedwa ndi dzimbiri. Thupi lonse linali bii ndi mwaye. Khosi linali lopindika moonekera ndi maso, zokungira nsambo zinali gwa osatembenuka, ndipo m'kati munkamveka kanthu kogubuduka tikaigwedeza. Tinayankha kuti, "Agogo, ife tamva, koma nkhani iyi si ya mbusa yekha. Tiitengera kwa akulu a mpingo." Mumtima tinadziwa kuti nthawi inali yochepa, pakuti thanzi la agogowo silinali labwino.

Pa bwalo la akulu nkhaniyi inatenga misonkhano iwiri. Mkulu wina wolemekezeka, amene anatumikira mpingo m'masiku ovuta a nkhondo, anafunsa ngati n'koyenera kuti chinthu chimene chinavinitsa anthu m'mabala chiimike pafupi ndi gome la Ambuye. Wina anati denga la tchalitchi likudontha, tsono ndalama za mpingo sizingapite ku chinthu chakutha. Wachitatu anadandaula kuti m'mipingo ina zoimbira zamagetsi zameza mawu a anthu, kotero kuti amayi ndi okalamba amangokhala chete kuonerera achinyamata ngati ali pa chionetsero. Mawu onsewa anali ndi maziko, ndipo sitinawaone mopepuka. Makolo athu m'chikhulupiriro anasamala kwambiri pa nkhani ya zoimbira. Ku Zurich, m'masiku a Ulrich Zwingli, limba la m'tchalitchi chachikulu linachotsedwa mu 1527, chonsecho Zwingli mwini anali katswiri wa zoimbira. Ku Geneva, John Calvin anaphunzitsa kuti mpingo uziimba masalimo ndi mawu okha popanda chipangizo. Anthu amenewa sankadana ndi nyimbo. Ankaopa kuti khutu lingakondwere pamene mtima uli kutali.

Tinatsegula Malembo pamodzi. Tinaona pa Genesis 4:21 kuti woyamba kutchulidwa monga woimba zeze ndi chitoliro anali Yubala, wa mbumba ya Kaini. Komabe zeze yemweyo, ali m'manja mwa Davide, anatonthoza mtima wa mfumu Sauli, monga timawerenga pa 1 Samueli 16. Golide amene Aisraeli anatuluka naye m'Aigupto, wina anasanduka fano la mwana wang'ombe, wina anakongoletsa chihema cha Yehova. Pa 1 Mbiri 25 timamva za oimba 288 ophunzitsidwa bwino amene anapatulidwa kutumikira m'nyumba ya Mulungu, ndipo Salimo 33 limafuna kuti woimba aimbe mwaluso. Koma tinawerenganso mneneri Amosi, pa mutu 5, pamene Mulungu akukana kumva zoimbira za anthu opondereza osauka. Pamenepo tinaona kuti mlandu suli pa thabwa ndi nsambo, uli pa mtima ndi moyo wa woimbayo. Tinakumbukiranso mayi wina wa ku America, Rosetta Tharpe, wobadwa mu 1915, amene anakulira mu mpingo naimba nyimbo za uthenga wabwino ndi gitala yamagetsi kale kwambiri, oimba ambiri otchuka a nyimbo zakunja asanadziwike. Tsono sizoona kuti gitala yamagetsi ndi mlendo m'nyumba ya mapemphero.

Akulu anamanga mfundo zitatu. Yoyamba, ndalama za denga zisakhudzidwe, koma achinyamata alime ganyu ya mbatata kuti apeze zogulira nsambo ndi zina zofunika. Yachiwiri, gitala ikachira iziperekeza mawu a mpingo, osawaposa. Yachitatu, woimbayo akhale munthu wa mbiri yabwino, wosankhidwa ndi bwalo. Mkulu uja anayamba kutsutsa ndiye anatseka ndi pemphero, napempha kuti ngati ntchitoyi ili yochokera kwa Mulungu, agogo aja aione ndi maso awo.

Kuti mumvetse zimene zinachitika pokonza, tiyenera kufotokoza pang'ono mmene gitala yamagetsi imaimbira. Gitala wamba ili ndi mphako imene imakuza mawu a nsambo. Yamagetsi ya mtundu uwu ndi thabwa logwirana lopanda mphako, ndipo payokha imangonong'ona. Pansi pa nsambo pali kachipangizo kamene amisiri amakatcha pikapu. M'kati mwake muli maginito wokulungidwa ndi waya wa mkuwa woonda kuposa tsitsi la munthu. M'pikapu ya gitala ya mtundu wa Stratocaster wayayo amazungulira pafupifupi ka 8,000. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, m'wayamo mumabadwa mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, imene imayenda mu chingwe kukafika ku ampulifaya, ndipo sipika imaisandutsa mawu. Lamulo la chilengedwe limeneli analitulukira Michael Faraday ku London mu 1831. Patatha zaka zana, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anapanga gitala yamagetsi ku Los Angeles, nayamba kuigulitsa mu 1932. Leo Fender, amene ntchito yake inali yokonza mawailesi ku Fullerton, ku California, ndipo sankadziwa kuimba gitala, anatulutsa mu 1950 gitala imene mu 1951 inatchedwa Telecaster, kenako Stratocaster mu 1954. Makampani a ku Japan anatsatira ndi magitala otsika mtengo amene anafalikira m'maiko ambiri m'zaka za m'ma 1960. Titapukuta mwaye pamutu pa gitala yathu, tinapeza kachizindikiro ka dzina lakuti Teisco, kampani ya ku Tokyo imene inayamba mu 1946, nigulidwa ndi Kawai mu 1967.

Mutu umodzi susenza denga. Tinaitana abale awiri a mu mpingo momwemo, wina kalipentala, wina wokonza mawailesi ndi mafoni pamsika. Tsiku loyamba sanagwire chida chilichonse. Anaika gitala pa bulangete, naiyang'ana mbali zonse, naijambula ndi foni, makamaka mawaya a m'kati, kuti podzalumikiza asasokoneze. Sikuluwu iliyonse imene anamasula anaikulunga m'kapepala kolembapo malo ake. Achinyamata anatopa ndi kudekha kumeneku, koma kalipentala anawauza kuti masikuluwu a gitala amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikalowa pa malo a yaifupi ikhoza kuboola thabwa n'kutulukira kutsogolo. Khosi la gitala imeneyi ndi lomangidwa ku thupi ndi masikuluwu anayi, njira imene Fender anaitchukitsa kuti kukonza kusamavute. Atalimasula anafufuza ngati chiswe kapena tizilombo tofumbwitsa matabwa tinalowamo. Mwa chisomo cha Mulungu thabwa linali lamoyo. Utsi umene unaidetsa ndi womwewo unaitchinjiriza, monga muja umatetezera chimanga cha mbewu chopachikidwa m'khitchini. Kanthu kaja kogubuduka kanali kanati kakang'ono kamene kanamasuka kale.

Kuyeretsa kunatenga masiku atatu. Sanathire madzi ambiri kapena mankhwala amphamvu, koma nsalu yofewa yonyowetsa pang'ono, kupukuta kachigawo kamodzi n'kuumitsa nthawi yomweyo. Pang'onopang'ono utoto wofiira unayamba kuoneka. Pamwamba pa thupi panali malo opelepeseka pamene mkono wa mwini wake unkakhuza, ndipo kumbuyo kunali zipsera za lamba. Achinyamata anafuna kupala zonse ndi sandipepa n'kupaka utoto watsopano wonyezimira. Kalipentala anakana. Anati odziwa magitala akale amalemekeza utoto woyambirira, ndipo yopakidwanso mtengo wake umatsika. Koma chifukwa chachikulu anachinena agogo aja atamva za nkhaniyi: "Musafafanize pamene panagona mkono wa bambo." Tsono zipserazo zilipo mpaka lero. Zokungira nsambo anaziviika m'mafuta opepuka a makina osokera, nazitsuka ndi kamswachi, ndipo zisanu zinayamba kutembenuka. Yachisanu ndi chimodzi mano ake anali atatha, nailowetsa m'malo ndi ina yochotsa pa gitala yothyoka.

Ntchito yoopsa koposa inali ya khosi. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa bwino zimakoka khosi ndi mphamvu yofanana ndi katundu wa makilogalamu oposa 40, usana ndi usiku. Chifukwa chake m'kati mwa khosi mumakhala ndodo yachitsulo yokhala ndi nati kumapeto, yolimbana ndi kukoka kumeneku. Njira imeneyi anaiyambitsa Thaddeus McHugh wa kampani ya Gibson kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Ukamanga natiyo khosi limawongoka, ukaimasula limatsatira nsambo. Koma nati ya gitala yathu inali itagwidwa ndi dzimbiri, ndipo ndodo yotere ikathyoka m'kati, khosi lonse limakhala latha ntchito. Mmisiri anadonthezapo mafuta, nadikira masiku awiri. Kenako anayamba waibweza m'mbuyo pang'ono kuti imasuke, asanaimange. Pomanga ankapotokola gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulire, n'kusiya mpaka mawa lake kuti thabwa lizolowere. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chosamangiratu kamodzi. Mmisiriyo anaseka nati, "Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Thabwa ili lapindika zaka zambiri, silingawongoke tsiku limodzi." Khosi labwino siliwongoka kotheratu. Ukadina nsambo kumayambiriro ndi kumapeto kwa khosi, pakati payenera kutsala kampata kochepa, ngati kuchindikala kwa pepala lolimba, kuti nsambo ipeze ponjenjemerera.

Pakhosi pali timizere tachitsulo timene oimba amati mafireti. Sitiikidwa mwachisawawa. Mpata wa fireti iliyonse umapezeka pogawa utali wotsala wa nsambo ndi 17.817, ndipo fireti ya nambala 12 imagwa pakati penipeni pa nsambo. Mafireti oyambirira a gitala yathu anali ndi maenje pamene zala za mwini wake zinkadina kawirikawiri, ndipo awiri anali atatukuka. Otukukawo anawabwezera m'malo ndi kanyundo kamtengo ndi kadontho ka guluu. Kenako anapaka inki pamwamba pa mafireti onse, nayendetsa tupa yowongoka mopepuka mpaka inki itachoka paliponse, chizindikiro chakuti onse alingana. Atatero anazunguliza mutu wa fireti iliyonse kuti isakhale yaphwatalala. Ntchito imeneyi inachitika khosi lili kutali ndi thupi, pakuti fumbi la zitsulo ndi la thonje lachitsulo lopukutira limathamangira ku maginito, ndipo likalowa m'pikapu likhoza kudula waya woonda uja.

Tsopano inafika nthawi ya wokonza mawailesi. Anatenga mita yake yoyezera magetsi nayeza mapikapu awiri. Yoyamba inaonetsa ma ohm masauzande angapo, kusonyeza kuti waya wake ndi wathunthu. Yachiwiri sinaonetse kanthu. Tonse tinati zii, pakuti waya ukaduka pakati pa mkulungo, pamafunika kumasula wonse ndi kukulunga watsopano, ntchito imene kuno kwathu ilibe zipangizo zake. Iye anavala magalasi okuza, nafufuza pafupifupi ola lathunthu, mpaka anapeza kuti waya unadukira kunja, pamene umalumikizana ndi chingwe chotuluka. Anamasula mzungulire umodzi wokha, napala nsonga yake mosamala, naiwotcherera. Mita inayankha. Timabatani tokweza ndi kutsitsa mawu tinali tokhwekhwereza chifukwa cha fumbi, natitsuka ndi mankhwala opopera oyeretsera zamagetsi. Bowo lolowetsa chingwe analipala dzimbiri nalimanga. Potsiriza anapeza kuti kawaya kamene kamalumikiza nsambo ndi mbali ya pansi ya magetsi kanali katachoka. Popanda kawaya kameneka gitala imalira ngati njuchi, pakuti mapikapu a mkulungo umodzi amatola kunjenjemera kwa magetsi a m'nyumba, amene kuno kwathu amasinthasintha ka 50 pa sekondi.

Pano tiime pang'ono ndi kuchenjeza mipingo yonse, pakuti iyi ndi nkhani ya moyo. Popeza nsambo zimalumikizana ndi ampulifaya kudzera mu chingwe, ampulifaya yowonongeka ikhoza kutumiza magetsi a mavoti 220 m'manja mwa woimba. Mu 1976 woimba wina wa ku England, Keith Relf, anafera m'nyumba mwake atagwidwa ndi magetsi akuimba gitala yolumikizidwa molakwika. M'matchalitchi ena timaona mawaya ongosomeka m'khoma popanda pulagi, olumikiza ndi mapepala apulasitiki, ndiponso oimba ataima opanda nsapato pa simenti yonyowa. Abale, tisayese Mulungu. Waya wachitatu wopita pansi usadulidwe. Ndiponso munthu wosaphunzira asatsegule ampulifaya, makamaka zakale za mavavu, chifukwa zina mwa zipangizo za m'kati zimasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa.

Nsambo zatsopano zinachokera ku Tete ndi mbale wina woyendetsa galimoto. Pomanga anayamba ndi yaikulu, imene imanjenjemera ka 82 pa sekondi, mpaka yaing'ono, imene imanjenjemera pafupifupi ka 330. Nsambo yatsopano imatamuka, tsono ankaikoka pang'ono ndi chala n'kuikunganso, kangapo konse, mpaka itakhazikika. Anakweza ndi kutsitsa kachitsulo kogonapo nsambo kumunsi, kamene amati buliji, kufikira mpata wa nsambo pa fireti ya nambala 12 unali pafupifupi mamilimita awiri. Kenako panali kuyesa ngati gitala ikunena zoona m'khosi monse. Nsambo ikadinidwa pa fireti ya nambala 12 iyenera kupereka liwu lomwe lija la nsambo yosadinidwa, koma lapamwamba. Likakwera kupitirira, buliji imasunthidwira kutali ndi khosi. Likaperewera, imabwera pafupi. Magitala ambiri a masiku ano ali ndi pokonzera nsambo iliyonse payokha, koma buliji ya gitala yathu ndi kachitsulo kamodzi kosenza nsambo zonse. Mmisiri anaipendeketsa pang'ono nafuna malo okomera zonse pamodzi. Palibe nsambo imene inapeza zofuna zake zonse, koma zonse zisanu ndi imodzi zikaimba pamodzi khutu limakhutira. Mkulu wina ataona zimenezi anati ndi mmenenso amayendera mabwalo a mpingo.

Lamulungu loyamba kuimba, achinyamata anakatenga agogo aja pa njinga. Woimbayo anatsitsa mawu a ampulifaya monga anapangira akulu, nangoperekeza nyimbo ya m'buku imene mpingo wonse umaidziwa. Mawu a anthu anali pamwamba, gitala ili pansi pawo ngati mchere mu ndiwo. Agogowo sanaimbe. Anangofunda nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka. Potuluka anagwira dzanja la kalipentala ndi la wokonza mawailesi nthawi yaitali osanena kanthu. Pamene tikulemba pano iwo ali gone chifukwa cha matenda, ndipo tikupempha amayi a chigwirizano ndi mpingo wonse kuwakumbukira m'mapemphero.

Pa nthawi yonse ya ntchitoyi mawu amodzi a m'Chipangano Chatsopano sanachoke m'maganizo mwathu. Pa Agalatiya 6:1 mtumwi Paulo akulangiza za kubweza mbale amene wagwa m'tchimo, ndi kuti zichitike mofatsa. Liwu la Chigiriki limene anagwiritsa ntchito ndi katartizo. Liwu lomweli likupezeka pa Marko 1:19, pamene Yesu anapeza Yakobo ndi Yohane ali m'ngalawa akusoka maukonde awo. Msodzi sataya ukonde chifukwa wang'ambika, ndiponso sausoka kuti aupachike pakhoma. Amausoka kuti ubwerere m'madzi. Chomwechonso cholinga cha chilango cha mpingo ndicho kubwezera munthu ku ntchito yake m'thupi la Khristu. Paulo yemweyo anabweza Onesimo kwa Filemoni, kapolo wothawa amene dzina lake limatanthauza wothandiza, nachitira umboni kuti amene kale anali wopanda phindu tsopano wasanduka waphindu.

M'mabuku a mipingo yambiri muli mayina a abale ndi alongo amene anaimitsidwa ku Mgonero wa Ambuye zaka zapitazo. Ena anagwa ndi mowa, ena ndi chigololo, ena anapita kwa asing'anga mwana atadwala. Chilango chinaperekedwa mwa dongosolo, koma ambiri a iwo anangopachikidwa kudenga, ndipo utsi wa dziko ukuwadetsa chaka ndi chaka. Amisiri athu awiri atiphunzitsa mmene tingawafikire. Tiyambe ndi kuyang'ana ndi kumvetsera tisanagwire chida. Tisaweruze ndi mwaye wa kunja, pakuti thabwa la m'kati likhoza kukhala lamoyo. Tisamange nati yonse tsiku limodzi, chifukwa munthu wokakamizidwa kuwongoka mwadzidzidzi amathyokera m'kati. Tifufuze modekha pamene waya unadukira. Kawirikawiri pamakhala pafupi, mwina mawu amodzi opweteka amene ananenedwa pamaliro kapena pa bwalo. Ndipo munthuyo akabwerera, tisamuumirize kubisa zipsera zake. Ambuye wathu atauka kwa akufa anaonetsa Tomasi mabala a m'manja mwake. Komabe tinene mosabisa kuti fanizoli lili ndi malire. Gitala ilibe chifuniro, sikana mmisiri. Munthu akhoza kukana, ndipo kutembenuza mtima ndi ntchito ya Mzimu Woyera. Gawo lathu ndi kupita, kupemphera ndi kudikira.

Kwa mipingo imene ili ndi zoimbira, tikupempha kuti muzisamale monga katundu wa Ambuye. Sankhani munthu mmodzi wozisunga, wodziwika ku bwalo. Woimba azipukuta nsambo ndi nsalu youma akamaliza, pakuti thukuta ndilo limabala dzimbiri. Gitala isatsamire khoma lonyowa m'nyengo ya dzinja, isasiyidwe padzuwa kapena pansi penipeni pa malata otentha, ndipo ikhale m'chikwama chake. Chipangizo chikawonongeka musafulumire kuchitaya kapena kuchipereka kwa ana kuti aziseweretsa. Yambani mwafunsa amisiri a pakati panu, pakuti Mulungu anaika luso mu mpingo monga anachitira ndi Bezaleli ndi Oholiabu pomanga chihema. Ndipo kwa akulu a mpingo ndi atumiki m'madera onse, pempho lathu ndi ili: pa msonkhano wanu wotsatira tsegulani buku la mayina, muwerenge amene anaimitsidwa ndipo sanabwerere, mugawane awiriawiri, mukawachezere mwezi uno usanathe. Chisomo cha Ambuye wathu chikhale ndi inu nonse. Amen.